Si owawa okha amene amachiritsa

Tsiku la msika pa Mitundu, pakati pa a kaunjika ndi a tomato, sipalephera kupezeka bambo wa chimkuzamawu atayala mabotolo ake pansi. Botolo limodzi lomwelo akuti limachotsa nyamakazi, msana, mutu waching'alang'ala, zilonda za m'mimba, shuga ndi BP. Wogula akalawa n'kukwinya nkhope, wogulitsa amakondwa: "Mwamva kuwawako, bambo? Mphamvu yake ndi imeneyo." Ozungulira amagwedeza mitu kuvomereza, chifukwa tonse tinakula tikumva zomwezo.

Anthu oima pamenepo ndi anzeru zawo. Ndi alimi a fodya amene aweramira nazale ndi mizere miyezi yambiri, amayi osenza nkhuni ndi ndowa, anyamata a kabaza, okankha njinga za makala kuchokera ku Dzalanyama, oswa miyala cha ku Nathenje. Chimene akufuna n'chomveka: kuchira msanga, osagonekedwa m'chipatala, osaona mpeni wa dokotala. Pamenepa akulondola kuposa mmene akuganizira. Zowawa zambiri za tsiku ndi tsiku zimathadi popanda opaleshoni, zina popanda ngakhale piritsi. Tinasochera poganiza kuti mankhwala enieni ayenera kuwawa pakamwa, kuluma, kutulutsa magazi kapena kudula mtengo. Zambiri zothandizadi n'zofatsa ndi zotchipa, mwakuti timazipitirira osaziona.

Msana ndi umene wadandaulitsa anthu ambiri. Ukagwira munthu, malangizo a pakhomo ndi amodzi: gonani pamphasa, mangani chitenje kapena lamba m'chiuno, musadzuke mpaka utasiya. Apabanja akakuonani mukuyenda pabwalo amakubwezerani m'nyumba, ati muuthyola. Maganizo amenewa ali ndi pogwira. Ululu ndi chenjezo, ndipo mwendo wothyoka sauyendera. Nanga msana ungasiyane bwanji? Komanso aliyense akudziwa munthu amene anagona sabata yathunthu n'kudzuka ali bwino.

Chikhalirecho msana wowawa nthawi zambiri si msana wothyoka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo mwa khumi aliwonse, pafupifupi asanu ndi anayi alibe nthenda yoti dokotala angailoze. Ndi minofu ndi mfundo zotopa kapena zokokeka. Msana woterewu umapepuka wokha, kwa ambiri isanathe milungu isanu ndi umodzi. Ofufuza atayerekeza odwala ouzidwa kugona ndi ouzidwa kumayendayenda, anapeza kuti oyendawo ndiwo amapezako bwino msanga. Kugona kopitirira tsiku limodzi kapena awiri kumaumitsa mfundo ndi kufooketsa minofu imene imachirikiza msanawo. Mnzathu uja anagona sabata n'kuchira akanachirabe akanamayenda, mwinanso mofulumirirapo.

Mu Disembala 2023 WHO inatulutsa malangizo ake oyamba a msana wokhalitsa, uja wopitirira miyezi itatu. Zimene inalimbikitsa ndi kumufotokozera wodwala zomwe zikuchitika m'thupi mwake, masewera olimbitsa thupi, kutikita, ndi kumuthandiza pa nkhawa, poti munthu wamantha ndi wosowa tulo amamva ululu kwambiri. Lamba wa m'chiuno inamuika m'gulu la zinthu zosalimbikitsidwa. Agogo amene amathowa msana ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, iwo apitirize, chifukwa kufunda kumamasula minofu ndipo kumachepetsadi ululu kwa kanthawi. Madziwo akhale ofunda, osati owira. Ndipo poti khasu lathu ndi la mpini waufupi, wolima aziweramuka akatha mizere ingapo, agwire m'chiuno, awongoke bwinobwino, ndiye apitirize. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 silichititsa manyazi kulinyamula awiri.

Ena amabwerako kuchipatala atakhumudwa: "Sanandijambule n'komwe." Kwa iwo, dokotala amene sanaone m'kati sanayeze, ndipo m'pomveka, chifukwa chinthu chosaoneka chimaopsa kuposa chooneka. Koma chithunzi nachonso chimanamiza. Kafukufuku wa mu 2015 anasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu opanda ululu uliwonse, ndipo anapeza kuti tinthu tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana tinali titaperepeseka mwa anthu 37 pa 100 aliwonse a zaka 20, ndi 96 pa 100 a zaka 80. Onsewa sankadandaula za msana. Munthu akaona chithunzi n'kumva kuti "mafupa anatha," amayamba kuopa kuwerama ndi kuyenda, msana n'kuuma, ululu n'kukula.

Ulipo msana wina wosafuna kuthowa, ndipo uwu tiudziwe bwino. Ngati ululu ukubwera pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku, ingakhale TB ya msana, imene kuno si yachilendo ndipo kawirikawiri imachizika ndi mapiritsi ikapezeka msanga. Ngati miyendo ikufooka kapena kuchita dzanzi, ngati mkodzo ukukanika kapena ukutuluka munthu osadziwa, ngati ululu wayamba atagwa mumtengo kapena panjinga yamoto, musadikire tsiku la msika. Pitani kuchipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje tsiku lomwelo. Iwo akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku Kamuzu Central, kumene kuyambira 2023 kuli chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION.

Msana kapena bondo likakana kumva, ambiri timapita kukatemera. Lezala idutsa kangapo, magazi akuda atuluka, mankhwala apakidwa, ndipo munthu amadzuka akuti wapepukidwa. Sakunama ayi, wapepukidwadi. Ululu wakuthwa wa pakhungu umaphimba kwa kanthawi ululu wa m'kati; n'chifukwa chake munthu akagunda chigongono amachisisita. Kuwonjezera apo, asing'anga amakhala nawe pansi, amakufunsa za kunyumba, amagwira pamalo powawapo ndi manja awo. Kusamalidwa kotereku kumatsitsa mtima, ndipo mtima ukatsika ululu umachepa. Pamzere wautali wa kuchipatala zimenezi sizipezeka kawirikawiri. Kenaka pali nthawi. Munthu amafuna thandizo ululu ukafika pachimake, ndipo ukafika pachimake kwatsala ndi kutsika. Zili ngati ngolo yotitimira m'matope: ng'ombe zakoka, anthu akankha, koma amene wafika pomaliza n'kugwira gudumu itayamba kale kutuluka ndiye amatchuka kuti ndi wamphamvu.

Magazi akuda aja si oipa. Magazi obwerera kumtima amakhala oderapo mwa munthu aliyense, wodwala ndi wabwinobwino yemwe, ndipo akasakanikirana ndi ufa wakuda wa mankhwala amada kwambiri. Nyamakazi ya m'mabondo imakhala m'kati mwa mfundo, kutali ndi pamene lezala imafika. Chimene mphini zingalowetse ndicho choopsa: lezala yogwira anthu awiri ikhoza kupatsirana HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, bala lopakidwa phulusa kapena dothi likhoza kubweretsa kafumbata, ndipo kwa munthu wa shuga kabala kakang'ono ka pamwendo kamatha kukhala chilonda cha miyezi. Bondo la nyamakazi limathandizidwa ndi chinthu chosaoneka ngati mankhwala: kulimbitsa minofu ya ntchafu. Khalani pampando, wongolani mwendo, muugwire choncho mukuwerenga mpaka khumi, muutsitse pang'onopang'ono, mubwereze kangapo m'mawa ndi madzulo. Zimatenga milungu kuti mumve kusintha, koma kusinthako kumakhalitsa. Kwa onenepa, kutsitsako thupi kumapeputsanso mabondo.

Chikhulupiriro chomwechi chimatitsatira mpaka kuchipatala. "Angondipatsa Panado," amatero munthu potuluka, ngati wanyozedwa. Amafuna jakisoni, chifukwa jakisoni amawawa, amalowa m'thupi mwachindunji, ndipo amabaya ndi munthu wophunzira. Akuluakulu athu anali nazo zifukwa: anaona ndi maso awo jakisoni wa penisilini akudzutsa anthu amene anali atatayidwa kale, ndipo mbiri yotere siiwalika msanga.

Pa ululu wamba, mankhwala a m'jakisoni ndi a m'piritsi nthawi zambiri ndi amodzi. Diclofenac wobaya ndi wakumwa amagwira ntchito yofanana. Wobaya amangofulumirako pang'ono. Jakisoni wobayidwa kuseri kwa golosale ndi munthu wosaphunzira akhoza kusiya chotupa cha mafinya, kapena kulasa mtsempha waukulu wa m'thako mpaka phazi kulemala. Mapiritsi nawo, poti ndi otchipa ndipo amagulitsidwa pambali pa sopo ndi machesi, timawayesa opanda vuto. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi asanu ndi atatu a Panado a mamiligalamu 500 pa tsiku lathunthu, usana ndi usiku, chifukwa opitirira amawononga chiwindi. Ndipo mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ali kale ndi Panado m'kati. Bufeni, Indosidi, diclofenac ndi asipirini ndi a banja limodzi, choncho samwera pamodzi. Alipo alimi amene amamwa Indosidi m'mawa uliwonse asanadye kuti akalime bwino. Ndimawamvera chisoni, chifukwa ntchito siidikira, koma kumwa kotereku miyezi ndi miyezi n'kumene kumabweretsa zilonda za m'mimba, kukweza BP ndi kuwononga impso. Amwedwe masiku ochepa, mutadya, ndipo amayi oyembekezera asamwe asanafunse kusikelo.

Fupa likathyoka, mantha amakhala ena: "Kuchipatala akakudula." Ndiye mwendo umamangidwa ndi timitengo ndi luzi kumudzi. Manthawa sanangobwera. Mudzi unaona munthu akupita ndi miyendo iwiri n'kubwera ndi umodzi. Chimene mudzi sunaone n'chakuti munthuyo anafika patatha masiku, mwendo utamangidwa mothina mpaka magazi kuleka kuyenda, kapena bala litaola kale. Mafupa ambiri othyoka kuno sachitidwa opaleshoni. Kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandizira a mafupa, ndipo ndiwo amasamalira ovulala ambiri m'zipatala za m'maboma, powongola fupa ndi kuika chikhakha. Fupa limadzilumikiza lokha. Ntchito ya chikhakha ndi kuligwira lili chiwongokere. Ngakhale mwana wobadwa ndi mapazi opindika amawongoledwa ndi zikhakha zosinthidwa sabata ndi sabata, kenaka nsapato zapadera, makamaka akapita naye ali wakhanda.

Pa zowawa pakamwa, palibe choposa nimu. Thupi likaphwanya ndi kutentha timati ndi malungo, tithyola masamba, tiwiritsa, timwa titatsinzina. Mawa lake thupi lazizira, nimu watchuka. Apa anthu ali pafupi kwambiri ndi zoona, chifukwa mankhwala akuluakulu a malungo anachokeradi ku zomera. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo ndi wowawa zedi. LA amene takhala tikulandira kuyambira 2007 ali ndi mankhwala ochokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou amene anatsogolera ntchito yowatulukira analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Wonena kuti m'tchire muli mankhwala sakulakwa.

Kusiyana kuli pa muyezo ndi pa umboni. Piritsi la LA lili ndi mlingo wodziwika, woyesedwa pa anthu ambiri, womwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu kuti tizilombo tithe tonse. Mumphika wa masamba palibe amene akudziwa kuti muli mankhwala ochuluka bwanji, ndipo nimu sanaonetsedwe kuti amachotsa tizilombo ta malungo m'magazi a munthu. Kutentha kwa malungo kumabwera ndi kupita kokha, choncho kuzizira kwa mawa lake si kuchira. Kwa mwana wamng'ono, masiku awiri odikira akhoza kukhala masiku amene malungo akwera kumutu. Komanso kuphwanya kwina si malungo. Ndi chimfine, kutopa kapena matenda ena. Kadontho ka magazi a pachala kamayankha funsoli m'mphindi zosapitirira 20, ndipo m'midzi yambiri yakutali ndi chipatala alangizi a zaumoyo amayeza ana osafika zaka zisanu pomwepo.

Juni ndi Julayi akafika, ana amaunjikana pamoto ndi pambaula, ndipo ngozi za kupsa zimachuluka. Mwana akagubuduza phala lotentha, manja a mayi amathamangira dzira laliwisi, Colgate, mafuta ophikira kapena ufa. Madzi amaletsedwa, ati amatulutsa matuza. Mayiyo akuchita zimene chikondi chamuuza. Colgate amamveka kuzizira pakhungu, ndipo chilichonse chophimba bala kuti mphepo isalikhudze chimachepetsa ululu, mwana n'kutonthola. Matuza nawo amatulukadi pambuyo pothira madzi, koma akanatuluka ngakhale popanda madziwo, chifukwa owatulutsa ndi moto.

Khungu likapsa, kutentha kumapitiriza kulowa m'kati ngakhale moto utachoka. Chochotsa kutenthako ndi madzi ozizira wamba, a pamjigo kapena a mumtsuko, othiridwa pamalopo mosalekeza kwa mphindi 20. Mphindi 20 n'zambiri mwana akulira, koma ndi zimene zimachepetsa kuzama kwa bala, ndipo zimathandizabe ngakhale patapita maola awiri kapena atatu. Mbali zina za thupi la mwanayo zifunditsidwe kuti asazizidwe. Mukatero phimbani ndi nsalu yoyera, matuza musawaboole. Mafuta amatsekera kutentha m'kati, dzira laliwisi likhoza kulowetsa tizilombo, ndipo zonsezi anamwino amayenera kuzichotsa kaye, mwana n'kumva ululu kachiwiri. Bala la kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, n'la kuchipatala.

Mwa zopaka zapakhomo pa bala la moto, uchi ndiwo wapambana mayeso. Ofufuza ataunika mu 2015 kafukufuku wosiyanasiyana, anapeza kuti mabala osazama a moto amapola msanga ndi masiku anayi kapena asanu akamangidwa ndi uchi poyerekeza ndi zomangira zina zozolowereka. Koma uchi umabwera pambuyo pa madzi, pa bala lotsukidwa, a chipatala ataliona. Pa chifuwa cha chimfine, supuni yaing'ono ya uchi pogona imachepetsa kutsokomola kwa usiku. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale pang'ono, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Madzi ofunda a ndimu ndi jinja amafewetsa pakhosi, ndipo palibe chifukwa chowasiyira. Makapisozi a amoxicillin kapena Bactrim safupikitsa chimfine. Chimatha chokha pakapita sabata kapena masiku khumi. Kufukiza bulugamu, kumene kunatchuka nthawi ya Covid-19, kumatsegula mphuno kwa kanthawi koma sikupha kachilombo, ndipo mphika wa madzi owira pansi pa bulangete wawotcha ana ambiri. Chifuwa chikafika milungu iwiri, kayezetseni makhololo. Kuyeza TB n'kwaulere m'zipatala za boma.

Nkhani ya liwombo imandikhudza kwambiri, chifukwa pamenepa amayi amaona zoona zenizeni. Mwana akatsegula m'mimba, liwombo limalowa m'kati, ndipo agogo amadziwa kuti ichi n'chizindikiro choopsa. Akulondola. Ndiye amamata mankhwala pamutupo kuti alikoke libwerere. Ena amachepetsa madzi ndi bere, poona kuti mwana akamwa amatsegulanso. Ena amati ndi mano akumera, zitha zokha. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake. Mwana wosamwa amachepetsadi chimbudzi, poti m'thupi mwauma. Ndipo mano amayamba kumera pa miyezi isanu ndi umodzi, nthawi yomweyo imene mwana amayamba phala, kenaka kukwawa ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene watola. Ziwirizi zimafika pamodzi, ndiye china chimaoneka ngati chabala chinzake.

Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo limabwerera madzi akabwerera. Mankhwala ake ndi Thanzi ORS: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, kumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu, mwana akasanza kudikira mphindi khumi n'kuyambiranso. Pamodzi ndi Thanzi pali mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo bere lisasiyidwe. Thanzi akasowa usiku, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino zimagwirizira mpaka kufika kuchipatala. Madzi a mchere ndi shuga amaoneka achabechabe, koma mbiri yake ndi yaikulu. Mu 1971, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, dokotala Dilip Mahalanabis madiripi atamuthera anayamba kumwetsa odwala kolera madzi oterewa, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 kufika pa osakwana 4. Ifenso kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, anatikumbutsa kuti chopha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mwana akalefuka, akakana kuyamwa, maso akalowa, kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, nyamukani nthawi yomweyo, mukumumwetsa m'njira.

Za magazi ndinene mwachidule. Masamba a mapeyala akawiritsidwa madzi ake amafiira, ndipo Sobo wofiira naye amafanana ndi magazi, choncho timapatsa mayi wochira kumene kapena mwana wotuwa m'manja. Ganizo lake ndi lokoma, koma thupi silipanga magazi ndi mtundu wa chakumwa. Limafuna ayironi, amene ali mu nyemba, nandolo, usipa, chiwindi, bonongwe ndi chisoso, ndipo wa m'masamba ndi nyemba amalowa bwino m'thupi mukadyera limodzi ndi gwafa, malambe kapena ndimu. Tiyi womwera pa chakudya amatchinga ayironi. Kuchepa magazi kuno kumabweranso ndi malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo, ndipo izi zimafuna kuyezetsa. Mapiritsi amene amayi amalandira kusikelo ndiwo owonjezeradi magazi. Amadetsa chimbudzi, koma si vuto.

Maso ndiwo malo amene ganizo la "oluma ndiwo akugwira ntchito" lawononga kwambiri. Diso likafiira timadonthezamo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a masamba, ena ngakhale mkodzo. Matenda a maso ofiira atabuka mu 2024, kuyambira ku Karonga n'kufalikira m'maboma ena, njira zonsezi zinamvekanso. Zimaoneka zothandiza chifukwa kufiira kwa mtundu umenewu kumatha kokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, kaya mwathira kanthu kaya ayi. Diso likaluma n'kutuluka misozi yambiri, munthu amati matenda akutuluka.

Mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso ndi yopyapyala kwambiri, ndipo ikapsa kapena kulowa tizilombo imasiya chipsera choyera chotchinga kuona. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1994, wochitika m'zipatala za kumidzi kum'mwera kwa dziko lino, anapeza kuti mwa odwala atatu aliwonse obwera ndi matenda a mbali imeneyi ya diso, mmodzi anali atathiramo kale mankhwala a zitsamba. Chosangalatsa n'chakuti ofufuzawo sanakangane ndi asing'anga. Anakhala nawo pansi, anaphunzitsana, ndipo asing'anga ambiri anayamba kutumiza odwala maso kuchipatala. Diso lofiira limangofuna kupukutidwa ndi kansalu koyera koviika m'madzi owiritsa atazizira, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kusabwerekana mathawulo. Kusamba kumaso nako kunali mbali ya ntchito imene inachititsa kuti mu 2022 WHO ilengeze kuti Malawi wathana ndi trachoma, matenda a maso amene ankachititsa khungu anthu ambiri, ndipo tinali oyamba kum'mwera kwa Africa. Diso likamawawa kwambiri, likamaopa kuwala, likamaona mwachimbuuzi, likalasidwa ndi phesi kapena kamtengo, kapena likakhala la khanda lotuluka mafinya, limenelo n'la kuchipatala lero lomwe.

Ndipo ilipo nthenda imodzi ya maso imene ndikupemphani kuti musaope nayo mpeni: ng'ala. Agogo akayamba kuona ngati kuli nkhungu, mwana wa diso n'kuyera, ambiri timati ndi ukalamba, palibe chochita. Ena timayesa zodonthezera za mitundumitundu. Ena timamva mphekesera zoti kuchipatala amatulutsa diso lonse. Mantha a diso ndi achibadwa, palibe angawaseke. Koma ng'ala ndi kagalasi ka m'kati mwa diso kamene kachita mbuu, ndipo palibe tsamba, piritsi kapena dontho limene limakayeretsanso. Diso silitulutsidwa. Dokotala amalichititsa dzanzi, amachotsa kagalasi kakale podzera pa kabala kakang'ono n'kuikamo katsopano, wodwala ali maso, kawirikawiri pasanathe theka la ola. Ambiri amayamba kuona tsiku lotsatira akachotsa bandeji.

Anthu a ku Nathenje ndi ku Mitundu thandizo limeneli lili nafe pafupi. Chipatala cha Nkhoma, chimene msewu wake umapatukira pa Kamphata, chakhala chikudziwika kwa zaka zambiri pa opaleshoni ya ng'ala, ndipo ku Kamuzu Central kuli chipatala cha maso cha Lions. Ngati pakhomo panu pali agogo amene asiya kupita kutchalitchi, kumaliro kapena kudimba chifukwa njira sakuionanso, musawagulire botolo lina. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena a pachipatala chapafupi kuti awaone maso ndi kuwalembera kalata, ndipo muwaperekeze.